Nkhwangwa Yobwereka: Mkhristu ndi Ngongole ya Sukulu

Mawu osinkhasinkha: 2 Mafumu 6:1-7, Mphunzitsi Sira 29:1-9

M'buku lachiwiri la Mafumu muli kankhani kakafupi kamene sikamveka kawirikawiri pa guwa. Mneneri Elisa adali ndi gulu la ophunzira ake, ndipo malo amene ankakhalamo adawachepera. Ophunzirawo adapempha kuti apite ku mtsinje wa Yordani kukadula mitengo yomangira nyumba yokulirapo, ndipo Elisa adapita nawo. Ali mkati modula, nkhwangwa ya mmodzi idaguluka mumpini nkugwera m'madzi. Mnyamatayo adafuula kwa mphunzitsi wake, ndipo chomuliza chidali chimodzi: nkhwangwayo adachita kubwereka. Elisa adamufunsa pamene idagwera, nadula kamtengo nkukaponya pamalopo, ndipo chitsulo chija chidayandama. Mneneriyo sadamutolere ayi. Adamuuza kuti atambalitse dzanja lake, atole yekha.

Wophunzirayu adali mmphawi. Akadakhala ndi nkhwangwa yake sakadabwereka. Adabwerekanso pa chifukwa chabwino, chomangira malo ophunziriramo. Palibe amene akadamudzudzula akadanena kuti idali ngozi, madzi atenga, basi. Koma mtima wake udathamangira kwa mwini nkhwangwa, munthu amene mawa lake adzaifuna kuti akadulire nkhuni kapena kuti abwereke mnansi wina. Mulungu sadaione nkhawa imeneyi ngati yachabe. Adachita chozizwitsa kuti chobwereka chibwerere kwa mwini wake.

Nkhwangwa ya masiku ano

Akhristu ambiri a mumzinda muno amadziwa pa Chia. Woyenda pa msewu wa M5 kuchokera ku Salima, asanafike pa boma la Nkhotakota, amawoloka mlatho pamene madzi a thamanda la Chia amakalumikizana ndi nyanja ya Malawi. Pamenepo galimoto zimaima, anthu nkugula chambo, kampango kapena mlamba, ena nkumangirira nsombazo pagalasi kuti zipitidwe mphepo mpaka kunyumba. Amene amagulitsa nsombazo ndi makolo. Chuma chawo ndi bwato, ukonde, kamunda ka mpunga kudambo ndi chinangwa cha kondowole. Ana awo, Akhristu ndi Asilamu omwe, amapita ku sukulu monga ana ena onse, ndipo ena mwa iwo ndi anzeru kwambiri.

Kuyambira mu 1994 maphunziro a ku pulayimale ndi aulere m'Malawi muno, ndipo khomo limenelo lidatsegukira ana a asodzi ndi alimi ambiri. Koma mwana akakhoza bwino mayeso a Fomu 4, dzina lake nkutuluka kuti wasankhidwira ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Thyolo kapena ku Blantyre, chimwemwe cha pakhomo chimakhala cha tsiku limodzi. Mawa lake pamabwera masamu: fizi, lendi ya kachipinda, chakudya, mabuku, kompyuta, thiransipoti. Nsomba za mwezi wonse sizingakwanitse zimenezi. Pamenepo banja limayamba kuganiza zogulitsa bwato, kupinyolitsa munda wa mpunga, kapena kupita kwa wakatapila. Zonsezi zimathandiza teremu imodzi, nkusiya banja lopanda podyera.

Nchifukwa chake Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa mu 2015 bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene ambiri amangoliti Loans Board. Ntchito yake ndi kubwereka ndalama ophunzira osowa a m'sukulu zaukachenjede zovomerezeka, za boma ndi zomwe si za boma, kuti alipirire fizi ndi kupeza zofunika pa maphunziro awo. Ntchito yake ina ndi kutolera ngongolezo kwa amene adamaliza, kuphatikizapo amene adabwereka pa ndondomeko zakale kuyambira mu 1985. Lamulo limapereka zaka ziwiri munthu atamaliza maphunziro kuti ayambe kubweza, ndipo limalamula olemba ntchito kuti adziwitse bungweli za antchito awo amene ali ndi ngongoleyi ndi kumadula pa malipiro awo. Kwa mwana wa msodzi wa ku Chia, ngongole imeneyi ndiyo nkhwangwa yobwereka. Popanda iyo sangadule mtengo ngakhale umodzi.

Mwini nkhwangwa ndani?

Ndalama za ngongoleyi zimachokera kuwiri: ku misonkho imene boma limapatula chaka ndi chaka, ndi ku zimene obwereka akale abweza. Thumba lake lidapangidwa kuti lizizungulira, monga momwe amayi a banki mkhonde amachitira. Aliyense amene adakhalapo m'gulu la banki mkhonde amadziwa chimene chimachitika mmodzi akatenga ndalama nkuzimitsa foni. Tsiku logawana likafika, amene amalira ndi mayi uja amene adaponya masheya ake mokhulupirika chaka chonse. Pa ngongole ya sukulu zilinso chimodzimodzi. Chaka ndi chaka opempha amachuluka kuposa ndalama zimene zilipo, ndipo ena amatsala. Wotsalayo kawirikawiri ndi amene alibe malume m'tauni, alibe mbale kunja, alibe wina womuthandiza.

Asodzi a ku Chia amaimvetsa nkhaniyi kuposa ambiri ophunzira. Thamanda lawo limalandira madzi ochokera kumapiri a ku Ntchisi, ndipo m'mabango ake nsomba zimaswana ndi kukuliramo. Msodzi wanzeru amadziwa kuti akakokolola tiana ta nsomba ndi neti ya udzudzu, lero adya koma chaka chamawa ana ake adzavuula ukonde wopanda kanthu. Nchifukwa chake m'miyezi ya Novembala ndi Disembala boma limaletsa zida zina zophera nsomba pa nyanja ya Malawi, kuti chambo chiswane. Munthu amene adaphunzira ndi ngongole, ntchito nkuipeza, koma osabweza, akuchita zomwe amachita wa neti ya udzudzu uja. Watenga gawo lake ndi la amene akubwera pambuyo pake. Mwini weniweni wa nkhwangwa imeneyi ndi mwana amene panopa ali Fomu 2 kapena Fomu 3, amene akuwerenga ndi tochi m'nyumba ya udzu mphepete mwa nyanja.

Mphunzitsi Sira, m'mutu 29, adamujambula bwino munthu wotereyu. Akufotokoza za anthu amene amayesa ngongole ngati chinthu chotola panjira. Pobwereka amadzichepetsa ndi kulankhula mokoma, koma nthawi yobweza ikakwana amazengereza, amadandaula za nyengo yovuta, mwinanso nkubweza chipongwe m'malo mwa ndalama. Ndipo Sira akuwonjeza chinthu chowawa: chifukwa cha anthu otere, ambiri amaleka kukongoza, osati poti ndi ouma mtima, koma poopa kuberedwa. Wosabweza amatsekera khomo anthu amene sadzawaona nkomwe. Salimo 37 likuika kusabweza ngongole pakati pa makhalidwe a munthu woipa, ndipo Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chiwiri loletsa kuba, akuphunzitsa pa ndime 2409 mpaka 2411 kuti kusunga dala chinthu chobwereka ndi tchimo, kuti mapangano olungama ayenera kusungidwa, ndi kuti chilungamo chimafuna kuti ngongole zibwezedwe.

Zifukwa zimene anthu amapereka

Chifukwa choyamba ndi chakuti za boma zilibe mwini. Mawu amenewa ndi omwe adagwetsa zinthu zambiri m'dziko muno: mankhwala a m'zipatala, mabuku a m'sukulu, mitengo ya m'nkhalango. Koma ndalama za boma ndi msonkho wa mphunzitsi wa ku pulayimale, wa namwino, ndi wa mayi wa ku Chia amene amalipira msonkho nthawi iliyonse akagula mayunitsi a foni. Mayi ameneyo mwina sadafike Sitandade 8, koma adathandiza kulipirira digiri ya munthu amene lero akuyendetsa galimoto mumzinda muno.

Chifukwa chachiwiri ndi chakuti akuluakulu ena adaba zambiri, monga zidaonekera pa nkhani ya Cashgate mu 2013, ndiye kangongole ka sukulu nkachiyani? Kuba kumeneko kudali koipa, ndipo Mpingo udakudzudzula. Koma tchimo la wina silisandutsa tchimo la mnzake kukhala chilungamo. Pamaso pa Mulungu munthu sadzafunsidwa za mabiliyoni amene adaba ena. Adzafunsidwa za fomu imene adasaina ndi dzanja lake. Ndiponso nkovuta kuti munthu adzudzule katangale pa Facebook m'mawa, madzulo nkupempha wa ku ofesi ya malipiro kuti dzina lake alibise.

Chifukwa chachitatu chimamveka chachikhristu: kodi Mpingo suphunzitsa kukhululuka ngongole? Nzoona. Buku la Deuteronomo mutu 15 ndi la Levitiko mutu 25 akulamula nyengo zomasula amphawi ku ngongole ndi ku ukapolo. Papa Yohane Paulo Wachiwiri adapempha maiko olemera kuti achepetse kapena kufafaniza ngongole za maiko osauka pa Chaka Choyera cha 2000, ndipo mu 2006 Malawi adakhululukiridwa gawo lalikulu la ngongole zake zakunja. Papa Fransisko adabwereza pempho lomweli pa Chaka Choyera cha 2025. Koma chikhululuko chimenechi nchoperekedwa kwa wosauka amene sangathe kubweza, ndipo amapereka ndi mwini ngongole. Wobwereka sadzikhululukira yekha. Munthu wa malipiro a mwezi ndi mwezi akadzikhululukira ngongole ya sukulu, amene walipira chikhululukocho ndi mmphawi.

Palinso ena amene amati adzabweza akadzapeza bwino. Akuluakulu adati mlandu suwola, ndipo ngongole nayonso siwola. Koma ndalama imawola. Mu Meyi 2022 kwacha idagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idagwanso ndi 44 peresenti. Ndalama imene ikadalipirira mwana fizi zaka khumi zapitazo lero singamugulire zomwezo. Wochedwetsa dala amabweza nkhwangwa yobuntha, yodyeka ndi dzimbiri.

Amene nkhwangwa yawagwera m'madzi

Pali gulu lina limene siliyenera kumva mawu awa ngati chikwapu. M'parishi muno muli achinyamata amene adamaliza maphunziro, digiri ili m'chikwama, makalata ofunsira ntchito adatumiza osawerengeka, koma mpaka lero akukhala kwa achibale kapena akuchita maganyu. Zaka ziwiri zija zidatha, ngongole ikuwayembekeza, ndipo usiku tulo sabwera. Ena amachita manyazi kupita kumudzi chifukwa anthu adawaperekeza ndi nthungululu. Kwa iwo, Mphunzitsi Sira yemweyo akulangiza kuleza mtima ndi munthu wosauka, ndipo Ambuye Yesu, m'fanizo la wantchito wopanda chifundo pa Mateyo 18, akudzudzula mwamphamvu munthu wokanyanga pakhosi mnzake amene akupempha nthawi.

Wophunzira wa Elisa uja adachita ziwiri zimene zingathandize achinyamata otere. Choyamba, adanena. Sadabise kuti nkhwangwa yagwa, ndipo adaloza malo enieni. Mnyamata kapena mtsikana amene sali pa ntchito achite chimodzimodzi: apite ku ofesi ya bungwe la ngongole kapena alembe kalata, afunse kuti ngongole yake ndi yochuluka bwanji, afotokoze mmene zinthu zilili, ndipo asunge makalata onse. Kuthawa kumakulitsa mantha. Chachiwiri, adatambalitsa dzanja. Mulungu adayandamitsa chitsulo, koma kutola kudali kwa mnyamatayo. Amene wayamba kageni, amene akuphunzitsa ana pa sukulu yapulaiveti, amene akuoda usipa ku Nkhotakota nkumadzagulitsa mumzinda, angathe kuyamba kubweza pang'onopang'ono. Kangachepe, koma ndi umboni wakuti pangano lija akulikumbukira.

M'mutu 4 wa buku lomwelo la Mafumu muli mayi wamasiye amene mwamuna wake, mmodzi wa ophunzira a aneneri, adamwalira ali ndi ngongole, ndipo wokongoza adafuna kutenga ana ake awiri kuti akhale akapolo. Elisa adamufunsa chimene adali nacho m'nyumba. Kadali kambiya ka mafuta basi. Anansi adamubwereka mitsuko, mafuta adachuluka, ndipo mneneri adamuuza kuti agulitse, ayambe walipira ngongole, zotsala adye ndi ana ake. Chozizwitsacho chidayambira pa chochepa chimene adali nacho, chidadutsa m'manja mwa anansi, ndipo chidathera pa ngongole yolipiridwa.

Kwa amene akubwereka tsopano

Wophunzira amene akulemba fomu chaka chino anene zoona. Mwana wa munthu wopeza bwino amene amalemba kuti ndi wamasiye, kapena kubisa ntchito ya makolo ake, akulanda malo a wamasiye weniweni. Kholo limene limathandiza bodza limeneli likuphunzitsa mwana wake katangale asanalowe nkomwe m'kalasi.

Wolandira ngongole adziwe kuti buku la Miyambo, pa mutu 22, likuyerekeza wobwereka ndi kapolo wa womubwereka. Choncho abwereke zokhazo zimene akusowadi, ndipo alembe m'kabuku chilichonse chimene walandira chaka ndi chaka, kuti tsiku lomaliza lisadzamudzidzimutse. Ndalama ya chakudya ndi lendi ikalowa, ayambe walipira lendi ndi kugula ufa, asanaganize za foni yatsopano. Kubetcha mpira pa foni kwameza ndalama za ophunzira ambiri, ndipo wotaya ndalama yake pa sabata yoyamba amathera kwa wakatapila, amene chiwongoladzanja chake cha mwezi umodzi chimamanga munthu manja ndi miyendo. Atsikana ena amagwa m'manja mwa azibambo owalonjeza thandizo, ndipo ena mwa azibambowo amakhala pa mabenchi a tchalitchi Lamulungu. Choposa zonse, wophunzira alimbikire sukulu. Wochotsedwa chifukwa cholephera mayeso amabwerera kumudzi wopanda digiri, koma ngongole ali nayo.

Kwa makolo ndi achibale

Mwana wa ku Chia akayamba ntchito mumzinda, foni yake siipuma. Denga likudontha, ukonde wang'ambika, mng'ono wake akufuna yunifolomu, azakhali adwala. Zonsezi ndi zoona, ndipo lamulo lachinayi limamufunsa kuti asamale makolo ake. Koma banja lachikhristu liyenera kuwerengera ngongole ya sukulu pamodzi ndi zosowa za pakhomo. Mwana akanena kuti, "Amayi, mwezi uno nditumiza zochepa, ayamba kundidula ya sukulu ija," mayi woopa Mulungu amayankha kuti, "Bweza mwanangu, adakuthandiza anthu. Ife tidya zomwe zilipo." Yankho lotere ndi katekisimu wamphamvu kuposa maulaliki ambiri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ndalama imene yadulidwayo ikupita kwa mwana wa mnansi, mwinanso kwa mng'ono wake weniweni wa wobwezayo akadzasankhidwa.

Kwa olemba ntchito ndi kwa mpingo wonse

M'parishi muno muli eni makampani, akuluakulu a m'maofesi, owerengera ndalama ndi olemba anthu ntchito. Lamulo lidawapatsa udindo, ndipo chikhulupiriro chikuwonjezera kulemera kwake. Kubisa wantchito amene ali ndi ngongoleyi kumaoneka ngati chifundo kwa munthu mmodzi amene ali pafupi, koma kumapweteka ambiri amene ali kutali. Kudula ndalama pa malipiro a wantchito nkulephera kuzitumiza kumene ziyenera kupita ndi kuba kowirikiza.

Mpingo wa Katolika m'Malawi wakhala pa ntchito ya maphunziro kuyambira pamene amishoni adafika, ndipo mu 2006 udatsegula yunivesite yake ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Mu kalata yawo ya pa 8 Malichi 1992, maepiskopi adadandaula poyera za mavuto a m'sukulu ndi za kusiyana kwa mwayi wa maphunziro pakati pa ana a dziko limodzi. Nkhawa imeneyo idakalipo, ndipo tsopano ili m'manja mwa miphakati. Mphakati uliwonse ungathe kudziwa ana ake amene asankhidwa koma akusowa thandizo, kuwathandiza kulemba mafomu pa intaneti nthawi isanathe, kusonkherana ya thiransipoti, kapena kupereka malo ogona kwa wophunzira wochokera kutali. Amene adamaliza kubweza ngongole yawo angathe kupitirira apo, nkutenga mwana mmodzi kumulipirira teremu imodzi. Kupatsa nkuika. Anansi a mayi wamasiye uja sadapereke mafuta, adangobwereka mitsuko yopanda kanthu, koma mafuta adasiya kutuluka pamene mitsuko idatha.

Choyenera kuchita sabata ino

Zakeyu, pa Luka 19, atalandira Yesu m'nyumba mwake sadathere pa kumva chisoni. Adatchula zimene adzabweze ndi kuchuluka kwake, ndipo pamenepo Ambuye adalengeza kuti chipulumutso chafika m'nyumbamo. Mpingo umaphunzitsa chimodzimodzi pa Sakramenti la Kulapa: amene adalakwira mnzake pa chuma ayenera kubweza monga angathere. Mkhristu amene adaphunzira ndi ngongole mu 1990, mu 2003 kapena mu 2018, ndipo sadabwezepo, asadikire kuti dzina lake lifunidwe. Sabata ino afunse kuchuluka kwa ngongole yake, agwirizane ndi bungwe za kabwezedwe, ndipo ayambe. Amene ali pa ulova anene mmene zilili, osachita manyazi. Amene alibe ngongole iliyonse afunse ku mphakati kwawo ngati kuli mwana wofuna thandizo.

Pemphero

Mulungu Atate, mwini nzeru zonse, dalitsani ana onse amene akuphunzira ndi ndalama zobwereka, makamaka ana a asodzi ndi alimi a m'mphepete mwa nyanja. Apatseni ntchito amene akuifuna, limbitsani mtima amene ngongole ikuwasowetsa tulo, ndipo utsani chikumbumtima cha amene angathe kubweza koma akuzengereza. Mpingo wanu ukhale nyumba ya anthu osunga pangano ndi ochitira chifundo osauka. Kudzera mwa Khristu Ambuye. Amen.